Wofunsidwa C

Lolemba, 4 Malichi

Mutu wa kafukufuku wavomerezedwa: chifukwa chiyani antchito amaona vuto koma n'kukhala chete pamaso pa owatsogolera. A Dokotala, amene akundiyang'anira pa digiri yanga ya masitazi, akuti ndifufuze pakampani pathu pomwe, popeza ndi kampaniyo ikundilipirira sukulu. Zandipepukira. Ya basi yozungulira m'makampani a eni ndikanaitenga kuti?

Chilolezo ndakapempha kwa bwana. A Mwandimva. Tonse timawatchula choncho chifukwa satha chiganizo osafunsa ngati mwawamva. Asaina osadzutsa mutu. "Mukamaliza mutipatseko kope, mwandimva?" Ndamva. Munthu wosafika kumapeto kwa imelo ya mizere iwiri, adzawerenga chibuku changa?

Nsapato yakumanzere yayamba kumwa madzi. Idikire kaye.

Loweruka, 9 Malichi

Kalasi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chipinda chotentha, fani yongopukusa mutu osatulutsa mphepo. Pabolodi mitundu ya atsogoleri: wotumikira, womvetsera, wosintha zinthu. Wathu uja sindinamuonepo. Wakubanki, yemwe ndimakhala naye desiki imodzi, anagona tayi ili pakhosi, n'kudzidzimuka akuwomba m'manja.

A Dokotala atsindika ziwiri. Choyamba, dzina la munthu lisalembedwe, mpatseni chilembo. Chachiwiri, wofunsidwayo mumufotokoze bwino, udindo wake ndi kutalika kwa nthawi imene wagwira ntchito, kuti wowerenga adziwe kulemera kwa mawu ake. Zonse ziwiri ndalemba, ndadula mzere pansi.

Pobwerera ndadzera kwa asisi. Nyumba yomwe ija ndinakuliramo amayi atamwalira, bedi langa pano mwadzaza makatoni. Alamu ali pakhonde, akukonza wailesi yosakonzeka. Atandiona ndi chikwama cha mabuku: "Abwera a pulofesa, bisani umbuli!" Ndi iwowa anandipezera ntchito pakampanipa, ine ku ofesi ya maoda, iwo kosungira katundu. Chaka chamawa apuma. Akuti ndalama yothokoza imene kampani imapereka popuma adzamalizira nyumba imene akumanga, yomwe yaima pa mawindo.

Lachinayi, 14 Malichi

Kufunsa anthu ndi ntchito yozuza. A muofesi onse yankho limodzi: zonse zili bwino. Wa maakaunti anayang'ana kuchitseko asanayankhe funso lililonse. Dalaivala anandifunsa ngati foni yanga ikujambula, ndiye anayamba kutamanda bwana ngati ali pamaliro awo.

Kafukufuku wa anthu osalankhula, ndipo anthuwo sakulankhuladi. Ndikanaseka chikhala kuti si ine ndidzalephere.

Masana ndinatsikira kosungira katundu. Fumbi la simenti, fungo la utoto, malata akulira ndi dzuwa. Ndinawadandaulira alamu. Anandikhazika pa chigubu cha utoto, iwo pa china. "Dzina langa silituluka?" Ndinati ayi, ndikulonjeza. Inu ndinu C basi.

Ndiye analavula zakukhosi. Denga la kumbuyo likudontha kuyambira mvula ya chaka chatha. Onse akudziwa. Woyamba kunena za matumba onyowa anadulidwa malipiro, akuti ndi kusasamala kwake. Kuyambira pamenepo simenti ikauma amangoisunthira kukona, kutsogolo n'kusanja yabwino. Bwana akamayendera amaona mzere wakutsogolo, n'kubwerera ali okondwa. "Ine ndinabwera pano geti lisanaikidwe, mlamu. Pakamwa ndinasiya kunyumba kalekale, kuntchito ndimabwera ndi manja okha."

Ndinakwera masitepe mtima ukudumpha. Kukondwa, inde. Ndapeza mutu wachinayi wonse.

Lamlungu, 24 Malichi

Kutchalitchi sindinapite. Kulemba tsiku lonse, msana kuwawa. Tiyi wopanda mkaka. Mwini nyumba wabwera ndi nkhani yokweza lendi, ndamuuza kuti ndikudwala mutu, zomwe si bodza.

Wofunsidwa C: mwamuna, woyang'anira kosungira katundu, wagwira ntchito pakampani nthawi yaitali kuposa wina aliyense. Ndendende momwe anatiphunzitsira. Dzina palibe.

Mwa onse amene ndawafunsa, ndi C yekha walankhula ngati munthu. Enawo ndi madzi.

Loweruka, 20 Epulo

A Dokotala abweza mutu wachinayi. Inki yofiira paliponse kupatula pa mawu a C. Pamenepo alemba kuti apa ndiye pali mtima wa kafukufuku. Akufuna mawu aja a pakamwa ndi manja ndiwaike pachiyambi penipeni pa buku, pa tsamba lawolawo. Anawawerengera kalasi yonse. Wakubanki anadzuka n'kufunsa ngati C angabwerekedwe.

Ndinanyada. Ndisaname.

Asisi aimba, akuti akufuna miyezo yanga, ayambe kusoka diresi ya tsiku lovala chipewa cha digiri. Ndawauza kuti nthawi ikadalipo. Akuti telala wabwino sathamanga.

Lachitatu, 15 Meyi

Ndapereka. Makope awiri kusukulu, limodzi kukampani monga mwa pangano. Ndalisiya kwa sekeletale. Analiika pansi pa mulu wa makalata a mabanki, pamwamba n'kukhazikapo kapu yake. Ligone pomwepo mpaka chiswe chilipeze.

Thupi lapepuka. Ndagula nsapato.

Lolemba, 3 Juni

Lero kunali kuteteza kafukufuku pamaso pa aphunzitsi. Palibe anandiuza kuti chaka chino aitananso mabwana a makampani amene amatilipirira, ati kulumikiza sukulu ndi ntchito. Ndikulowa, a Mwandimva ali mpando wakutsogolo, suti yaimvi, kope langa pamwendo. Timapepala tachikasu tikutuluka m'masamba. Awerenga. Mpaka kumapeto.

Ndinalankhula, sindikudziwa kuti ndinati chiyani. A Dokotala anaika mawu a C pakhoma, zilembo zikuluzikulu. Anthu anaseka pa geti lija. Bwana anasekanso, pang'ono, n'kulemba kanthu.

Ndakhoza. Ati ndi imodzi mwa ntchito zabwino chaka chino. Bwana anandigwira chanza pamaso pa onse. "Kampani ikunyadirani. Taphunzira zambiri, mwandimva?"

Ndinathawira kuchimbudzi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo mbuziyo ndine, ya masitazi.

Pakampani pathu woyang'anira kosungira katundu ndi mmodzi. Amene anabwera geti lisanaikidwe ndi mmodzi. Ndinachotsa dzina n'kusiya munthu yense ataima poyera. Miyezi yonseyi maso anga anali kuti?

Lachitatu, 5 Juni

Dzulo bwana anatsikira kosungira katundu ndi wa maakaunti. Sanaime pamzere wakutsogolo. Analunjika kukona. Ndinaonera pawindo anthu akutulutsa matumba ouma gwa, kuwasanja pabwalo. Mulu wautali kuposa munthu. Alamu ataima pambali, manja kumbuyo. Iwo akuganiza kuti ndi tsoka chabe, kapena dalaivala wawatsina khutu abwana.

Ndinapita kwa a Dokotala. Anandimvera chisoni, zoona. Anavula magalasi, kuwapukuta nthawi yaitali. Akuti malamulo onse a kafukufuku tinatsata, dzina silinatuluke, ndipo zochita kampani sukulu singalowererepo. Akuti chaka chamawa adzachenjeza ophunzira za makampani aang'ono. Chaka chamawa.

Wakubanki pa foni akuti ndikane, ndinene kuti C ndinangomupeka. Ndikatero digiri yapita, ndipo matumba aja ali pabwalo, sindinawapeke.

Lachisanu, 7 Juni

Andiitana ku ofesi yaikulu. Tiyi m'kapu ya alendo, mabisiketi pambale. Kuyambira Lolemba ndine woyang'anira antchito ndi kayendetsedwe ka ntchito. Ofesi yangayanga, ya galasi, moyang'anana ndi yawo. Malipiro okwera. Udindo umene ndakhala ndikuulota chiyambire sukuluyi.

Ndiye anapitiriza. Ntchito yanga yoyamba, kutsogolera komiti ya mwambo pa mlandu wobisa katundu wowonongeka. Woimbidwa mlandu, woyang'anira kosungira katundu. Akapezeka wolakwa achotsedwa, ndipo wochotsedwa pa mlandu salandira ndalama yothokoza ija.

"Sindikufunsani kuti C ndi ndani. Munalonjeza chinsinsi, ine ndimalemekeza maphunziro. Ine ndikungotsata simenti yanga, mwandimva?"

Ndinati munthuyo ndi mlamu wanga, sindingakhale pa mlandu wake. Akuti n'chifukwa chake asankha ine, antchito aone kuti pano palibe chibale. Ndinati vuto ndi denga, ndi mantha, buku lonse likunena zimenezo. Akuti denga likonzedwa sabata yamawa, ndipo athokoza. Ndinati nanga ndikakana? Anamwetulira. Anandikumbutsa pangano lija, loti wosiya ntchito zaka zogwirizana zisanathe abweze zonse za sukulu. Ndipo mlanduwo uchitikabe, ndi wa maakaunti pampando.

Mutu ukakula sulewa nkhonya, amatero. Koma wanga wakula dzana lomweli, ndipo nkhonyayo ikugwera wina.

Ndimadana nawo bamboyu. Ndikudana ndi ine ndemwe kuposa.

Lamlungu, 9 Juni

Ndinapita kwa asisi masana kuti ndikanene ndekha, asamve kwa ena. Mawu ndinawakonza m'basi monse.

Ndinapeza diresi yatha, yobiriwira, ili pa hang'ala pachitseko. Asisi anandiveka pomwepo, mapini mkamwa, akundizungulira. Mbiri ya kukwezedwa inali itawafika kale. Alamu anaimirira n'kuchita sailuti. Nkhope yatsika masiku ano, koma nthabwala zikadalipo. Akuti tsopano mlandu wawo wa simenti wapepuka, poti pampando pakhala mwana wa m'nyumba.

Ndinangoyamikira diresi.

Kenaka anaona kope langa m'chikwama. Akuti ndiwawerengere pamene pali iwo, amve momwe amamvekera m'buku. Ndikanakana. Koma mwina ndinafuna bukulo linene zimene pakamwa panga pakulephera. Ndinatsegula, ndinawerenga, ndikumasulira mzere ndi mzere. Mwamuna. Woyang'anira kosungira katundu. Wokhalitsa kuposa onse. Denga, matumba, kukona. Geti.

Anaseka chikhakhali, akumenya bondo. "Amenewo ndiye ine! Ngakhale mwana wa sukulu ya mkaka angadziwe kuti ndi ine!"

Kuseka kunatha pakati. Anandiyang'ana. Anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati abwana ali nalo bukuli. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Wailesi ikukhosomola pakhonde.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatuluka, kukaima kuseri kwa nyumba. Asisi anachotsa mapini mkamwa imodziimodzi, kuwabaya pa kansalu. "Unawalonjeza, iwe." Basi. Anandithandiza kuvula diresi osandikhudza khungu, n'kuipinda, n'kuiika m'kabati.

Ndinatsanzika. Palibe anandiperekeza.

Lolemba, 10 Juni

Ofesi yatsopano. Mpando wozungulira, pulasitiki ikadali m'mikono. Fungo la polishi. Pachitseko amata kale udindo wanga. Kudzera pagalasi ndikuwaona a Mwandimva, iwonso akundiona. Kuseri akalipentala ayamba kukhoma denga.

Ndinabwera nditatsimikiza zokana. Ndibweze ndalamazo ngakhale mpaka kukalamba. Kenaka ndinaganiza, ndikachoka pakhala wa maakaunti, amene sangayetsemule osapempha chilolezo. Ndikakhala, mwina ndingakankhire ku chenjezo chabe. Mwina. Kapena ndikungodzinamiza kuti ndisunge mpandowu. Sindikudziwanso kuti woganiza ndi uti mwa ine.

Alamu anafika nthawi isanakwane, komiti isanakhale. Malaya oyera ositidwa bwino, nsapato zopolisha. Anagogoda, pachitseko chotsegula. Ndinati khalani, alamu. Sanakhale. Chipewa m'manja, maso pakhoma kumbuyo kwanga.

Ndinayamba kupepesa. Anakweza dzanja pang'ono, momwe ankachitira ndili mwana ndikamalira popanda chifukwa.

"Musataye sukulu yanu, madamu, tinaivutikira tonse. Funsani mafunso anuwo, ndiyankha momwe ndinayankhira poyamba, ndi abwana ali pomwepo. Koma ulendo uno mulembe dzina langa."

Madamu.

Ndawapempha adikire panja pang'ono. Akhala pa benchi la alendo, msana uli chilili. Pepala la mlandu lili patsogolo panga, mzere woyamba ndi wa dzina. Dzina limene linkasainidwa pa malipoti anga onse a sukulu, pamalo a kholo. Wa maakaunti wafika ndi faelo yake, bwana aimirira, akuloza wotchi, akubwera kuno, ndipo ine sindinathe ngakhale chilembo choyamba cha