Mfuu Yanu Yafika ku Mississauga

Amayi, kodi mukupeza bwanji kumeneko? Ife kuno kutsidya la nyanja ku Mississauga tilipo, kungoti chisanu chachedwa kuchoka. Tadala, mdzukulu wanu uja munangomuonera pa foni ali wakhanda, tsopano akuthamanga ndipo pakamwa sipatsekeka. Ndikamuitana m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, koma akakwinya nkhope ndi inu ndithu. Bambo ake akadali pantchito ija ya kubwalo la ndege, ine ndikusamalirabe okalamba. Mng'ono wanu akuti mbatata yachita bwino m'dimba lanu ku Dedza.

Chandikhazika pansi lero ndi mmbulu. Kuseri kwa nyumba zathu kuli kachigwa ka mitengo, momwe mumakhala zilombo zonga agalu aakulu otuwa. Eni dziko amati kayoti, ena amati zili ndi magazi a mmbulu. Ine ndinaona mano ake, ndiye ndimangoti mmbulu.

Loweruka lina masana ndinkayanika zovala panja, poti dzuwa likatuluka makina owumitsira sindiwakhulupirira. Tadala ankatola masamba chapafupi. Nditatembenuka, ndinaona chilombocho chitalowera pakampata ka mpanda, chitaweramitsa mutu, maso ali pa mwana. Iye anali atatambasula kale dzanja, akuyesa ndi galu.

Ndinakuwa, amayi. Mfuu ija munakuwa inu chaka chimene fisi anagwira mbuzi yathu kudambo, mudzi wonse n'kutuluka, ena ndi mipini, ena akumenya zitini, amalume opanda malaya. Sindinkadziwa kuti ndinaisunga pakhosi. Chilombocho chinabwerera m'mbuyo mosafulumira n'kulowa m'tchire. Ndinanyamula mwana, ndikudikira anthu. Palibe anatuluka. Katani ya nyumba ina inangogwedezeka, basi. Chimenecho chinandiwawa kuposa mantha aja.

Kenaka anthu a m'dera lathu tinachita msonkhano. Helen, mayi wachizungu woyandikana nafe nyumba, anati zilombozo n'zofatsa, zinayamba kukhala kuno ife tisanabwere, tiphunzire kukhala nazo. Tonse tinkadziwa kuti amaziikira nyama kuseri kwa mpanda wake, komabe anthu anamuwombera m'manja. Ine, mwana wanu wamanyazi uja, ndinaimirira. Ndinati, "Fisi nayenso anayamba kukhala kwathu ife tisanabadwe, koma sitinkamuphikira. Chilombo chikazolowera dzanja la munthu sichisiyanitsa lonyamula nyama ndi la mwana wanga." Ndinapempha kuti a khonsolo achichotse, ndipo anthu anandiyang'ana ngati mfiti. Munkati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'holo monsemo m'mimba mumandipweteka ine ndekha.

Kuyambira tsikulo moni anatha pakati pa ine ndi Helen. Tadala ndinayambanso kumubereka popita kokwerera basi, chimwana chachikulu, miyendo ikulendewera.

Mwezi wathawu, m'mawa ndikukonzekera kuntchito, ndinamva kukuwa. Anali Helen. Mmbulu unali utaluma kagalu kake koyera, iye atagwa m'matope akukoka chingwe. Ndisaname, kamtima kena kanati muleke, si abale ake omwe amawaphikira aja? Koma inu munkati mfuu suyamba wafunsa kuti ndi ya yani. Ndinatuluka ndili ndi masokosi okha, poto kudzanja ili, chipande kudzanja linalo, ndikumenya ndi kutukwana m'Chichewa. Chilombocho chinasiya. Kagaluko kanapulumuka ndi bala pantchafu.

Helen anandigwira mkono akulira. "Tsiku lija ndinakumva," anatero. "Katani ija inali yanga. Ndinayesa ndi za m'banja mwanu, sindinafune kulowerera." Ndinangomupukuta matope kumaso ndi chitenje changa.

Musaganize kuti tagwirizana. Iye akunenabe kuti zilombozo zisachotsedwe, ine ndikunenabe kuti malo ake si kuseri kwa nyumba yokhala ana, ndipo ku khonsolo ndipitanso. Koma nyama ija anasiya kuika, ndipo kampata kaja tinatseka limodzi ndi waya.

Panopa ndikuphunzitsa Tadala kuti akaona chilombocho asathamange, asatambasule dzanja, aime nji n'kukuwa. Chichewa chake n'choperewera, koma "Mayo, chilombo!" amatchula bwinobwino. Dzulo tikuyeserera panja anakuwa ndi mphamvu zake zonse, mawu anu enieni m'kakhosi kakang'onoko. Asanatseke pakamwa, chitseko cha Helen chinatseguka. Anatuluka osavala nsapato, tsitsi losapesa, poto ali m'manja.

Ndinaseka mpaka misozi, kenaka misoziyo inakhala yanu. Ndakusowani, amayi. Ndikulonjeza kuti mwanayu adzakula akudziwa kukuwa, komanso kutuluka wina akakuwa. Gonani bwino, mdzukulu wanu ali ndi omutulukira.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Chisomo