Kampando ka Pamwamba pa Tayala

Kota Kota,
Nyasaland.
23 Seputembala, 1958.

Okondedwa achimwene a Sufiyani,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu ndi ana, ku Bulawayo kwa eni akeko. Kuno tadzuka, tithokoze Mulungu. Jekete munatumiza ija inafika, ndipo zikomo kwambiri. Inandikwana ngati telala anachita kundiyeza. Amayi anaigwiragwira nkunena kuti, "Iyi ndiye ya munthu wa mu ofesi." Ili mu sutikesi, sindinaivalebe.

Munafunsa za ntchito ya ku Blantyre. Ilipo ndithu. Anzanga amene tinali nawo ku Makerere apeza makina osindikizira, ndipo akuyambitsa nyuzipepala yathuyathu, yolemba ife eni dziko, yonena za Chitaganya mosapsatira mawu. Akundifuna mwezi uno usanathe, kupanda apo atenga wina, chifukwa nkhani sizidikira munthu. Achimwene, dziko likutembenuka! Kummwera anthu akusonkhana, akuyankhula zimene kale tinkanong'onezana, pamene ine kuno ndili chagada pansi pa galimoto ya mzungu, girizi mpaka m'zigongono. Kota Kota ndi yemwe uja munamusiya: mabwato omwewo, mango omwewo, nkhani zomwezo pakhonde la mzikiti. Ndinakonza zokwera Ilala ya sabata ino mpaka ku Chipoka, kenako sitima ya pamtunda. Koma ndiyambe ndakuuzani za galimotoyo, chifukwa popanda iyo simumvetsa zinazo.

Mukudziwa kuti nditakana ukalaliki wa pa Boma, abambo anandipezera pogwira kwa bwana wawo, mzungu wosaka nyama uja anthu amamutchula Kaliwo chifukwa kaliwo sachoka pakamwa pake. Chaka chino wagula landirova, ndipo akufuna ikhale nyumba yoyenda, kuti alendo ake ochokera ku Salisbury azigona kutchire cha ku Dwangwa osasowa kanthu. Ine ndiye wowerenga mabuku a galimotoyo, wojambula mapulani ndi woitanitsa zitsulo. Womanga ndi a Chande, dalaivala wake, mnzanu wa mpira uja. Pakamwa pawo sipanasinthe.

Tachita zambiri, ndipo ndisaname, zina ndimanyada nazo. Kumbuyo tayala matabwa a mlombwa: masana ndi benchi, ukawatambasula ndi bedi. Padenga tamanga zitsulo zonyamulira tenti, ndi lona amene amafunyululidwa m'mbali nkukhala khonde. Mfuti zili ndi pogona pake kuseri kwa mpando wa dalaivala, ndipo tapakuta ndi bulangeti kuti zisamagundane. Zipolopolo zili m'bokosi lokhoma, kutali ndi chitofu cha parafini. M'mawindo taika sefa chifukwa cha kashembe. Zigubu za petulo tazimangirira pachitseko cha kumbuyo, fosholo ndi nkhwangwa m'mbali, pamodzi ndi mbedza zopachikira nyama. A Chande akuti, "B.A., tikangomuikiramo mkazi, mzunguyu sadzabweranso m'tauni." Umo ndi mmene amanditchulira, B.A., makamaka ndikatenga sipanala yolakwika.

Tsono panatsala kampando.

Mukuikumbukira lole yakale ija. Abambo ankakhala panja, pakampando ka pamwamba pa tayala la kutsogolo, mpeni uli m'chiuno. Mfuti ikalira, nyama ikagwa, iwo ankatsika nkuthamanga kuti akaipeze isanatsirizike, anene Bisimila, aizinge. Akachedwa pang'ono, nyama yonseyo, ngakhale njati yathunthu, kwa ife ndi yofa yokha, ndipo palibe Msilamu angaiike m'kamwa. Mzungu amangofuna mutu ndi nyanga. Nyama ndiyo imabwera kuno yowamba, abambo nkuigawa nyumba ndi nyumba, kuyambira kwa amasiye. Chaka chino madzi anakokolola mpunga wa anthu ambiri, choncho maso onse ali pa ulendo umenewu.

Chimene simukudziwa, poti anatiletsa kukulemberani, ndi bondo la abambo. Chaka chatha njati imene ankayesa kuti yatha mphamvu inadzambatuka iwo atafika pafupi. Anaizemba, koma anagwera m'dzenje, ndipo bondo la kumanja silinabwererenso mwakale. Pamaso pa anthu amayenda chowongoka. Kumzikiti amadzikakamiza kugwada, nkubwerako thukuta lili kamukamu. Kunyumba amaswali atakhala pampando, chitseko atatseka, kuti pasapezeke woona. Mlongo wathu Saida ndi amene amawathowa ndi madzi otentha.

Ndinayamba ndi kukambirana nawo ngati munthu wophunzira. Ndinati, "Abambo, ku Kampala ndinamva ena akunena kuti nyama ya kutchire, ukatchula dzina la Mulungu pamene mfuti ikulira, zakwana. Bwanji muzinena Bisimila muli khale m'galimoto?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Chala chokoka mfuticho ndi cha yani?"

"Cha bwana."

"Ndiye iwe ukasamba m'manja, amayera ndi manja a Kaliwo?"

Nditaona kuti mawu alephera, ndinatenga pensulo. Pojambula pulani ya landirova, pamalo pa kampando ndinaikapo thanki ya madzi. Bwana ndinamuuza kuti kulemera kukakhala kutsogolo galimoto imagwira bwino mumchenga. Anakondwa zedi. Anachotsa kaliwo pakamwa, chinthu chimene sindinachionepo, nanena kuti zaka zonsezi mpeni wa abambo wakhala ukumuonongera zikopa za pakhosi, moti mitu yake yopachika pakhoma imachita kusokedwa. Anandisisita paphewa. Ine ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati ndawina mlandu: abambo apuma, ine ndikwera Ilala.

Abambo atabwera kudzaona thanki ija, anaizungulira, anaigogoda, nati, "Yamangidwa bwino." Basi. Lachisanu titatuluka mumzikiti ena sanandipatse dzanja, ndipo mayi wina wamasiye anafunsa Saida pachitsime ngati sukulu za ku Uganda zimaphunzitsa ana kumana anthu ndiwo. Sindinasamale. Mumtima ndinati kusintha kulikonse kumawawa, adzazolowera.

Loweruka ndinalawirira ku shedi kumene timasunga galimoto kuti ndikamalize mawaya a nyali. Ndisanakhote pangodya ndinamva chinthu chikugwa, thii! Kenako kubuula. Nditasuzumira, ndinaona abambo. Anakwera kumbuyo kwa landirova, nadutsa pamwamba pa zigubu za petulo zimene ine ndemwe ndinamangirira pachitseko, nkudziponya pansi, mpeni uli m'chiuno. Anadzuka pang'onopang'ono, nathamanga motsimphina mpaka pamtengo wa mango, nabwerera, nakweranso. Ankayeserera, achimwene. Kampando nditakachotsa, iwo anakapempha bwana kuti azikwera kumbuyo pamodzi ndi katundu. Munthu amene kale ankangotsitsa phazi nkuponda pansi, tsopano ankalumpha kuchokera pamalo ofika m'chifuwa mwanga, ndipo njira yopita pa nyama ndinali nditawatalikitsira. Ulendo wina sanadzuke msanga. Anakhala pansi atagwira bondo, akucheukacheuka kuopa kuti wina waona. Ine ndinabisala kuseri kwa khoma ngati wakuba mpaka anachoka.

A Chande atafika anandipeza ndamasula kale mabawuti a thanki.

"Aa, B.A., pulani yasintha? Nanga mchenga uja mwauuza?"

"Tibwezeretsepo kampando."

"Bwana adziwa?"

"Ndimuuza kuti antchito a kumsasa akukana kupita ngati nyama ikhale yosazinga. Ndipo si bodza."

"Si bodza," anatero, "koma mwachedwa kulidziwa."

Tinadula thabwa, tinapinda chitsulo chogwirira. Kenako a Chande anatenga choko kuti alembe popondera mapazi. Kampando kotere popondera pake pamayenera kugwirizana ndi miyendo ya mwini wake, chifukwa galimoto ikamadumpha m'zitsa ndi m'maenje, mapazi ndiwo amakusunga. Pakatalika, wagwa.

"Ndiye tiyeze miyendo," anatero. "Kawaitaneni madala."

Sindinapite kukawaitana. Za kupeza munthu wina ndinali nditawafunsa kale abambo chaka chatha, ndipo anandiyankha kuti mpeni umenewo unali wa bambo awo, sutuluka m'nyumba mwathu. Ana aamuna tilipo awiri. Inu muli ku Bulawayo.

Ndinakwera, ndinakhalapo.

A Chande kuseka kunawathera. Anati, "Yasini, Ilala ikubwera Lachiwiri." Aka kanali koyamba kunditchula dzina langa.

Ndinati, "Lembani."

Analemba pansi pa chidendene changa.

Abambo anabwera masana titamaliza kumanga. Ataona kampando nkhope yawo inawala ngati ya mwana. Anakwera mofulumira kuti tisaone za bondo, anakhala, natambasula miyendo kufunafuna popondera. Mapazi anangolendewera m'malere. Mukudziwa kuti msinkhu wautaliwu ife tinatengera kwa amayi. Anayesanso ndi zala za kuphazi, osafika. Anayang'ana chitsulo chija, kenako anayang'ana miyendo yanga. A Chande anayamba kupukuta galasi limene linali loyera kale.

"Iwe sunazingepo ngakhale nkhuku," anatero abambo.

"Mundiphunzitsa."

"Nanga za ku Blantyre?"

"Blantyre sathawa," ndinatero, ngati kuti sindikudziwa kuti malo anga apita kwa wina.

Anatsika, ndipo ulendo uno analola kuti ndiwagwire mkono. Titafika kunyumba anamasula mpeni m'chiuno, nauika pamphasa pakati pa iwo ndi ine, nkuyamba nkhani ina. Mawa lake anagwira mbuzi ya amayi. Poizinga ndinaiwala kuilozetsa ku Kibula, mbali ya ku Maka, ndipo anandikalipira ngati ndili ku madirasa. Anandiuza kuti nyama yogwa ndiziifikira chakumsana, osati kumiyendo, ndiponso ndiziyang'ana diso lake ndisanagwade. Anandibwerezetsa mpaka ndinaloweza. Tsiku limenelo anadya bwino kuposa mmene ndinawaonera chibwerereni changa.

Bwana anang'ung'udza za zikopa zake, koma tsopano akunyada. Akuuza azungu anzake kuti m'Nyasaland monse ndi iye yekha amene womuzingira nyama ali ndi digiri. A Chande nthabwala zawabwerera, akufuna kulemba B.A. ndi penti yoyera pakampandopo. Ine ndimadziuza kuti ndi mpaka mvula igwe basi. Koma bwana wayamba kale kukamba za ulendo wa chaka cha mawa, akuti tidzaonjezere firiji ya parafini ndi chingwe chokokera galimoto ikatitimira, ndipo akuti pulani yake ndidzajambule ndine. Bondo la munthu wamkulu nalo mukulidziwa mmene limachitira. Anzanga a ku Blantyre ndawalembera dzulo kuti sindibwera. Kalata yake inali yaifupi kuposa ino.

Sindikukupemphani kuti mubwere. Ndikudziwa muli ndi ana, ndipo ntchito ya ku njanjiyo mukaisiya simudzaipezanso. Ndangoti mudziwe. Chonde musawalembere abambo za bondo, adzadziwa kuti wotulutsa nkhani ndine. Pempho langa ndi limodzi: nsapato. Zimene ndili nazo ndi zoyendera pasimenti. Ndipezereni zolimba, zofika m'akakolo, zoti minga isaboole, koma zopepuka kuti munthu azitha kuthamanga nazo. Kuseri kwa pepala lino ndajambula phazi langa.

Amayi akuti moni wambiri. Iwo akuganiza kuti ndangochedwetsa ulendo, ndipo sutikesi amaipukutabe fumbi. Saida akuti moni, ndiponso akuti kuyambira tsopano madzi othowera aziteleka mumphika waukulu, wokwanira anthu awiri. A Chande akuti chigoli munaphonya pabwalo la Boma chija sanachiiwale. Abambo akupereka moni kwa inu ndi kwa adzukulu awo. M'mawa uno aswali atakhala pampando, chitseko chili chotsegula. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo mwana wanu wamkuluyo mumuuze kuti amalume... ayi, kuti bambo ake aang'ono akuti alimbikire sukulu. Mumuuzebe choncho.

Ilala yafika. Ndaimva ikulira ndili pansi pa landirova, ndikumangitsa mabawuti a kampando. Inyamuka masana ano, ife tinyamuka mawa kulowera ku Dwangwa. Kalatayi ikwera yokha. Jekete ija ndaiikira mankhwala a njenjete.

Mutikumbukire m'mapemphero.

Ine mng'ono wanu,
Yasini