Waya wa pa Mtengo wa Mbawa

Iringa,
11 Julaye 1976

Okondedwa Amayi,

Landirani moni kuchokera kuno kusukulu. Kaya muli bwanji kumeneko, nanga mwendo wa Abambo uja unasiya kutupa? Ine ndili bwino. Lero kwacha ndi chisanu, mphepo ikugwedeza malata a nyumba yathu yogona, ndipo akhwangwala akulira kuseri kwa khitchini. Anzanga apita kutchalitchi, ine ndatsala kuti ndikulembereni.

Lachinayi anatipatsa mafomu osankhira maphunziro a ku yunivesite ku Dar es Salaam. Akuti tikamaliza Fomu Sikisi tiyamba tapita ku jeshi kukaphunzira usilikali, kenako tigwire ntchito zaka ziwiri, a chipani akativomereza ndiye tikalowe. Ndi patali, koma dzina la phunziro akulifuna panopa. Abambo anati ndilembe udokotala. Ine ndalemba fizikisi, phunziro la zaka zitatu la magetsi, kuwala, kutentha ndi kayendedwe ka zinthu. Muwauze mofatsa. Chifukwa chake ndi ichi.

Mwezi wa Meyi aphunzitsi anatiphunzitsa za mphenzi. Anabweretsa makina opukusa ndi dzanja, ndipo kamoto kabuluu kanadumpha kuchoka pa kachitsulo kena kupita pa kanzake. Anzanga anaseka, ena n'kumapempha kuti kawalume chala. Aphunzitsi anati mphenzi ndi moto womwewo koma waukulu zedi, imatsikira pa chinthu chachitali chimene chaima chokha, ndipo ikapeza waya imayenda naye mpaka pamene wathera.

Amayi, mukukumbukira kuti titasamukira ku kijiji chatsopano, mudzi wa boma uja, anadula mitengo kuti nyumba zikhale pamzere, n'kusiya mtengo umodzi wa mbawa pafupi ndi nyumba yathu. Waya woyanikapo zovala, wochoka pa mtengowo kufika pa nsanamira ya khonde, ndinamanga ndine. Ndinamutola kudoko ku Mbamba Bay, inu n'kundiyamikira. Mlongo wanga Ketrina anali atagwira waya ameneyo, akuanula zovala mvula itayamba, pamene mphenzi inamupha.

Anzanga atatuluka ndinafunsa aphunzitsi, osatchula mayina. Anajambula mtengo, waya ndi munthu pabolodi, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Ngati waya ameneyo akadalipo, lembera kwanu amuchotse." Ndachedwa miyezi iwiri chifukwa cha mantha. Abambo amuchotse mvula isanayambe.

Choncho amalume a Nelson sanatumize mphenzi. Akuluakulu atandifunsa pamaliro paja, ndinati ndinawaona akuloza kumwamba ndi mpini wa khasu atangokangana ndi Abambo za malire a munda. Ndinawaonadi, koma tsopano ndikuganiza kuti ankangouza akazi awo kuti mvula ikubwera. Mawu anga ndi amene anathamangitsa mlongo wanu kupita kumapiri a ku Mbinga. Tsiku lonyamuka anandipeza pamsewu, mtolo uli paphewa, anaima n'kundiyang'ana. Ndikatsegula buku pa mutu wa magetsi ndimaona nkhope imeneyo, ndipo nthawi zina ndimamva fungo la nsalu yopserera m'kalasi mulibe moto. Kuno sindinauzeko munthu.

Ndikufuna ndiphunzire zimenezi mpaka ndizidziwe bwino, kuti ndikadzazifotokoza kwathuko anthu adzandimvere. Ndikanena panopa angoti mwana wasukulu akudzionetsa.

Pempho langa ndi limodzi. Mutenge kalata ino mupite nayo ku Kihagara, kwawo kwa a Yustina, akazi a amalume. Munthu akawawerengere yonse, asakadumphe pamene pali mlandu wanga. Akafuna kunditukwana anditukwane, inu musakandiikire kumbuyo.

Mundiperekere moni kwa Abambo, kwa azakhali a Hilda, ndi kwa mng'ono wanga Xavery. Mumuuze asamasewere pansi pa mtengo uja kumwamba kukada.

Ndatchula Kihagara chifukwa Polycarp, mnyamata wa ku Liuli amene ndili naye kalasi imodzi, wafika dzulo kuchokera kwawo, ndipo anaona a Yustina akutsika lole kumeneko. Mwina simunamve. Abwerera a Yustina, mwana wawo Emma, ndi kamwana kena kamene kanabadwira kumapiriko. Amalume sanabwere. Anawaika m'manda ku Mbinga mwezi wa Epulo, akuti chinali chifuwa.

Ine mwana wanu,
Fexon