Nthenga ya Shamsa Sinkagwedera

Namitambo, Chiradzulu
Epulo 1950

Okondedwa achimwene Lameck,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli amoyo ku Halaleko, inu ndi alamu a Nester. Kodi chifuwa chija chinakulekani? Kuno amayi alimbako, ayambanso kutsikira kudimba. Anthu akudya mondokwa, njala yatha, koma m'kalasi mwanga muli malo opanda eni ake.

Paja ndikuphunzitsabe tiana ta Sabu A pasukulu ya mpingo wathu. Chaka chatha tinafika pa zilembo zoyenda ziwiriziwiri koma liwu lake limodzi, monga ph, th ndi kh. Mwana aliyense ndinkamupatsa nthenga ya nkhuku kuti aigwire pafupi ndi pakamwa. Akanena bwino "pha", nthenga inkagwedera. Akanena "pa", inkangokhala duu.

Panali kamtsikana ka Chiyao, dzina lake Shamsa. Nthenga yake sinkagwedera ayi. Phala ankati pala, anzake n'kumaseka, iyenso n'kumaseka nawo.

Njala itakula ndinaleka kulemba "phala" pabolodi, chifukwa ana ankangoyang'ana n'kumameza malovu. Shamsa ankabwerabe, miyendo itatupa, nthenga ataisomeka m'tsitsi. Tsiku lina anandiuza kuti mpweya wouzira nthengayo wamuthera, adzayesanso akadzadya. Mu Januwale tinamuika m'manda.

Achimwene, musandiseke. Masiku ano ana akamati pha, phe, phi, pho, phu, ndimamva kaliwu kamodzi kotsalira m'mbuyo, cha kuchitseko kumene ankakhala, kakuti pa, pe, pi. Si maloto, dzuwa limakhala lili pamutu. Nditafunsa ana ngati amvako, anangoyang'anana. Abusa anandipempherera, nati ndi kutopa chabe. Phunzirolo ndakhala ndikulidumpha, moti ana akafika pamene palembedwa "thumba" amangoima n'kundiyang'ana.

Lolemba lapitali kunabwera mayi ake a Shamsa atagwira dzanja mng'ono wake wa Shamsayo, Miriam. Anati malemuwo akudwala ankangonena kuti aphunzitsi akumudikira, ndiye abweretsa uyu kuti ndisadikire pachabe. Mwanayo ndinamulandira. Koma nditatembenukira kubolodi, dzanja linakana kulemba.

Amayi athu akuti ndingosiya ntchitoyi. Ine sindifuna, koma ndekha sinditha. Chonde pemphani tchuthi mubwere nthawi yokolola. Nsalu kapena shuga musavutike nazo. Ndikungofuna kuti tsiku lodzaphunzitsa zilembozi mudzakhale pansi cha kuchitsekoko, pamene ndingathe kukuonani. Mukadzamva inunso, mudzandiuze zoona. Mukadzapanda kumva, mudzandiuzenso.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa amalume a Alufeyo ngati mumaonana nawo. Amayi akuti Ambuye akusungeni pantchitopo, ndipo inenso ndikutero.

Ndine mlongo wanu,
Esnart