Waya Umodzi, Makomo Awiri

Tashkent, Lachitatu, Novembala 1998

Okondedwa achemwali Mohira,

Assalomu alaykum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumeneko ku Qo'qon. Kodi bambo akugona bwanji masiku ano? Akubanikabe akayenda pang'ono? Ine thupi lili bwino, koma mtima sunakhale m'malo sabata ino. Mundilole ndifotokoze mwa ndondomeko.

Mukukumbukira kuti dokotala wa mtima wa ku Moscow anati ayankha pa imelo ngati bambo apatsidwa malo a opaleshoni, ndipo tikapanda kuvomera pofika Lachisanu malowo apita kwa wina. Imelo yangayo imatsika pa kompyuta ya m'chipinda muno mokha. Lolemba nditayatsa, modemu, kabokosi kolumikiza kompyuta ku foni kaja, inangoti kwete n'kukhala chete. Pa sikirini panalembedwa kuti sikumva kulira kwa mu waya, tuuu uja timamva tikanyamula foni.

Ndinayamba ndi kudzikayikira, monga mukundidziwira. Ndinaganiza kuti ndalowetsa waya pabowo lolakwika, ndinasinthanitsa. Ndinakagula waya wina kumsika. Dzulo mnzanga wa kuntchito, Timur, anabwera ndi modemu yake, akundiseka kuti manja ozolowera kutembenuza mapepala asamagwire zingwe. Yakenso inakana. Anaiuza kuti iimbe osadikira kulira, inangoimba m'malere. Titalumikiza foni wamba, munali zii. Timur nthabwala zinamuthera.

Lero m'mawa kunabwera eni nyumba kudzatenga mabotolo awo a jamu pakhonde. Nditawadandaulira, anadabwa kuti sanandiuze: waya wa nyumba ino ndi umodzi ndi wa khomo loyandikana nalo. Manambala ndi awiri, koma wina akanyamula foni, kwa mnzake kumafa. Akuti mwina mayi Nailya a pakhomo limenelo sanaibwezere bwino yawo.

Mayi Nailya ndi achikulire, timangopatsana moni pamasitepe. Ndinaima pakhomo pawo kwa nthawi ndisanagogode. Anandikhazika kukhitchini, anandithirira tiyi, n'kundinyemera buledi. Foni ndinaiona. Chomvera chake chinali patebulo, chofunditsidwa kansalu koluka. Sikunali kuiwala ayi.

Anaona kumene maso anga ali, ndipo anandiuza okha. Amuna awo, a Rashid, ali m'chipatala, m'chipinda chomwe achibale saloledwa kulowa. Anamwino anawauza kuti asavutike n'kubwerabwera, zikasintha aimba. "Mwanawe," anatero, "achipatala saimba kuti akuuze kuti munthu wadya bwino. Chomveracho chikakhala patebulo foniyo siingalire, ndipo ikapanda kulira mkulu wangayo ali moyo."

Achemwali, ndinamwa tiyi yense, ndipo ndinatsala pang'ono kuthokoza n'kutuluka. Ndine yani kuti ndiuze munthu atsegule khomo limene akuliopa? Koma ndinaganiza za mmene bambo amagwirira pachifuwa, ndipo ndinafotokoza zonse, maso ali pansi.

Nditamaliza, anafunsa ngati munthu angathe kuwaimbira pamene makina anga akulankhula. Ndinati ayi, waya umakhala wogwidwa. Anati ndipite ndikakonze zonse, ndikatha ndimenye khoma, iwo abwezera foni, koma makinawo augwire wayawo msanga foni isanalire. "Ndipo usakachite chidodo ngati mkamwini wamanyazi," anatero.

Ndinamenya khoma. Modemu inamva kulira, inaimba, n'kuyamba phokoso lake lija ngati mphaka wopondedwa mchira. Yankho linalipo. Bambo apatsidwa malo, afike pakati pa Disembala. Ndavomera. Muwauze pang'onopang'ono, chimwemwe nachonso chimalemera pamtima wodwala.

Pempho langa ndi limodzi. Mutenge pasipoti ya bambo ndi zithunzi za m'chifuwa zija, mupatsire woyendetsa takisi amene akubweretsa kalatayi, kuti ndiyambe kukonza za ulendo.

Pamene ndikulemba, modemu yamaliza kale ntchito yake koma sindinaizimitse. Sitinapangane kuti ndikatha titani. Ndikangoizimitsa waya umasuka, ndipo foni yawo ili pamalo pake. Ndikamata envelopuyi ndizimitsa, kenaka ndipita kukakhala nawo kukhitchini kuja, kuti ikalira asainyamule ali okha. Sindikudziwa ngati afuna ndikhalepo. Muwatchule a Rashid m'mapemphero anu usiku uno.

Mundiperekere moni kwa bambo ndi kwa amayi, muwauze kuti ndikuvala zofunda. Moni kwa alamu anga a Sobir, kwa azakhali a Mastura, ndi kwa ana anu onse.

Tsalani mumtendere.

Ine mlongo wanu,
Behzod