Nsidze za Dona

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Msana uja ukukulolani kugona masiku ano? Nanga alamu anga ndi ana ali bwanji? Kuno tikudzuka. Sindinganene kuti tili bwino, pakuti lero akwana masabata asanu chiikireni m'manda Dona, mng'ono wanga, mlongo wanu. Koma tikudzuka, tikudya, ndipo mwana wake Kadona akupita kusukulu.

Musadziimbe mlandu kuti simunabwere kumaliro. Tonse tikudziwa kuti mukanachoka kudziko la eniko sakanakulolani kubwereranso, ndipo Dona yemwe akanakukalipirani.

Uthenga munatumiza pafoni uja ndaumvetsera katatu. Mwati sukulu ikatsekera Lachisanu, Loweruka azakhali abwere adzatenge Kadona akakhale kwawo, chifukwa m'nyumba mwanga akuonongeka. Ndasankha kukuyankhani pakalata chifukwa mumandidziwa. Ndikangomva mawu anu ndimati chabwino achimwene, ngakhale pamene sizili bwino.

Azakhali akuuzani zinthu ziwiri: kuti ndinapenta nkhope ya maliro, ndiponso kuti anapeza mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri atapaka lipisitiki m'nyumba mwanga. Sananame. Zonse ziwiri ndi zoona. Chimene sanakuuzeni ndi mmene zinayendera, ndiye khalani pansi mundimve.

Dzina loti Dona munamupatsa ndinu, tsiku lija munamupeza atadzipaka choko chofiira pamilomo ali mwana. Ine mukudziwa kuti nkhope yanga imadziwa sopo ndi mafuta basi. Pankhani imeneyi awirife tinakangana zaka zambiri.

Nditangochoka kukoleji ndinamukhazika pansi n'kumuuza zimene ndinawerenga, zoti akazi amadzipenta chifukwa choopa maso a amuna. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati iwe Chiswe, mabuku onse wadyawo palibe ngakhale limodzi lakuuza kuti khosi lako latuwa?

Ndinamufunsa ngati angafe atapanda kudzola. Anati mpando wa khushoni nawonso munthu safa akausowa, koma sanandionepo nditakhala pa njerwa.

Zaka khumi ndi ziwiri anagwira ntchito pazenera logulitsira matikiti a basi. Ankati munthu amene basi yamusiya amatukwana nkhope yoyamba imene waiona, ndiye bola azitukwana paudala, madzulo akasukusula zonse zimatsikira mu sinki. Tsiku lopuma ankapita kugolosale osadzola kanthu, atavala malaya a tulo, osaopa aliyense. Ine ndinkaziona zimenezi koma sindinkafuna kuvomereza kuti mabuku anga sanamulembe bwino.

Mankhwala a khansa aja anayamba ndi tsitsi. Tsitsi sanalidandaule, anangomanga mpango. Kenako nsidze zinathothoka zonse. Inu simunamuone, chifukwa mukaimba ankakana kuyatsa kamera n'kumanamizira netiweki.

Tsiku lina ndinapita ndi Kadona kuchipatala nthawi yoonera odwala. Atafika pakhomo la wodi anangoima. Mayi ake anatambasula manja, iye n'kubisala kuseri kwa siketi yanga. Ola lonse linatha osayandikira bedi.

Pobwerera mu basi anandifunsa ngati amayi amukwiyira. Ndinati ayi, wafunsiranji? Anati nkhope yawo sikunena kanthu.

Ndinamuuza Dona m'mawa mwake. Sanalire. Anangoti ndikamutengere kachikwama kake kobiriwira, ka zipi yothyoka kaja. Anakhala tsonga pabedi, ine nditamugwirira kalilole, n'kujambula nsidze ziwiri. Madzulo ake Kadona analowa mu wodi mothamanga n'kukwera pabedi ndi nsapato zomwe.

Patapita masabata atatu zala za Dona zinayamba kuchita dzanzi, pensulo inkamupulumuka. Ntchito ija inagwera ine, munthu amene pensulo ndimaidziwa polemba manambala m'kati mwa mabuku kulaibulale. Ndinkadzera kuchipatala m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito.

Tsiku loyamba nsidze yakumanja inakwera kwambiri. Anadziyang'ana n'kunena kuti ndamusandutsa munthu amene wangomva mtengo wa tikiti. Tsiku lachiwiri ndinazinenepetsa, ati ndi mbozi ziwiri zikupita kumsonkhano. Mayi wina wosoka zovala amene anagona bedi loyandikana naye anaseka mpaka anesi anabwera kudzafunsa chachitika.

Sabata isanathe amayi anayi a mu wodi imeneyo ankandidikira m'mawa, aliyense atatukula nkhope. Panali gogo mmodzi, mphunzitsi wopuma pantchito, amene anakana. Anati sanadzolepo kanthu chibadwire ndipo sayamba lero chifukwa cha matenda. Dona anawakonda gogo amenewo kuposa onse, ankawagawira malalanje ake.

Lachitatu lake lomaliza, ndikumujambula, anandigwira dzanja. Anati mwana akadzabwera kudzandiona m'bokosi, asadzapeze mlendo uja wosanena kanthu. Ndinati usalankhule choncho. Anati Chiswe, ndilibe nthawi ya ulemu, walonjeza kapena sunalonjeze? Ndinalonjeza.

M'mawa wa tsiku loika maliro tinapita kumochale ine ndi azakhali, kukamuveka. Titamaliza ndinatulutsa kachikwama kaja. Achimwene, ndawerenga mabuku ambiri okamba za imfa, koma palibe limene linandiuza kuti khungu lozizira silimva pensulo. Ndinayesa katatu osalembeka kanthu. Mayi wogwira ntchito mumo, munthu wosalankhulalankhula, anandionetsa kuti ndiyambe ndapakapo timafuta pang'ono, pensuloyo ndiifunditse m'dzanja. Zinatheka.

Azakhali anali atatuluka kukayankha foni. Pobwera anayang'ana n'kufunsa kuti ndikuchita chiyani. Anati munthu azipita kwa Mulungu ndi nkhope imene Mulunguyo anamupatsa, osati ngati akupita kudansi. Anatulutsa kansalu m'chikwama, n'kukanyowetsa ndi malovu, n'kufufuta nsidze yakumanzere.

Ndinawagwira pamkono. Pa zaka zanga makumi anayi ndi chimodzi sindinawagwirepo azakhali motero, ndipo mpaka lero dzanja langa likukumbukira kuonda kwa mkono wawo. Ndinawauza motsitsa mawu kuti nkhope imene Mulungu anamupatsa Dona inali ndi nsidze, ndipo ine ndikungobwezera zimene matenda anaba. Ndinati akafufutanso ndijambulanso, ngakhale galimoto ya maliro idikire mpaka masana.

Anatuluka. Ndinajambulanso.

Apa pali chimene ndiyenera kuulula. Dona anandipempha nsidze zokha. Lipisitiki ndinaonjezera ndekha, yofiira ija ankapaka Lolemba. Milomo yake inali itauma, yotuwa, ndipo ndinakwiya. Sindikudziwa kuti ndinakwiyira ndani. Ngati pali cholakwa pamenepo n'changa, musamuwerengere malemu.

Kadona atamunyamula kuti aone m'bokosi anayang'ana nthawi yaitali. Sanabise nkhope. Kenako ananditembenukira n'kunena kuti amayi aakulu, mwajambula ndinu eti, yakumanzereyi yapindika. Anawagwira mayi ake patsaya n'kutsanzika. Anthu ena kumbuyo ankanong'onezana, ndinawamva, ndipo sindinatembenuke.

Tsopano nkhani yachiwiri. Kachikwama kaja kali m'dirowa ya m'chipinda chimene timagona ine ndi mwanayu. Kadona amakatsegula akaweruka kusukulu. Sadzola. Amatsegula kabokosi ka paudala n'kununkhiza, chifukwa zovala za mayi ake tinazichapa ndipo fungo lawo latsala mmenemo mokha. Akatero amatseka n'kupita kukasewera. Ine ndimaona ngati sindikuona.

Lamulungu lapitali masana ndinali kuseri ndikuyanika zovala pamene azakhali analowa osagogoda. Tsiku limenelo mwana anali atayesa lipisitiki koyamba, yafika mpaka kumphuno ngati wadya zipatso zakupsa. Ndinamva kulira. Ndinapeza azakhali atamupana pakati pa mawondo, akumukhula pakamwa ndi nsalu yopukutira mbale. Mlomo wam'munsi unang'ambika pang'ono. Pochoka anatenga kachikwama.

M'mawa mwake mwana anadzuka. Anavala yunifolomu, anamwa tiyi, n'kutsegula dirowa, n'kuitsekanso.

Lolemba nthawi ya nkhomaliro ndinapempha mnzanga kuti andigwirire pakauntala, n'kukwera basi kupita kwa azakhali. Ndinapereka moni bwinobwino, ndinafunsa za mawondo awo, kenako ndinati ndabwera kudzatenga katundu wa mwana wamasiye. Anati m'nyumba yopanda bambo, ya mkazi amene anakanika kukwatiwa, mukuleredwa kamtsikana koyendayenda. Ndinati ndamva, kachikwama kali kuti? Anapita kukhitchini. Ndinakhala. Anatsegula wailesi. Ndinakhalabe. Dzuwa litapendeka anakaponya pamiyendo panga n'kunena kuti aimbira inu.

Chimene chimandiseketsa, achimwene, ngakhale kuseka kukuvuta masiku ano, n'chakuti azakhali omwewa ndi amene akhala akundinena zaka makumi awiri kuti sindidzisamala. Nditakwanitsa zaka makumi atatu anandigulira paudala, ati mwina mwamuna wina angandione. Dona ankadzola, ati woyendayenda. Ine sindidzola, ati wodzitaya. Tikanakhala ndi mng'ono wina wodzola tsaya limodzi lokha, akanamupezeranso dzina.

Si azakhali okha. Nditabwerera kuntchito maliro atatha, abwana anandiitanira mu ofesi n'kundiuza mwaulemu kuti ndizipakako kenakake, maso anga alowa m'kati ndipo owerenga akufunsa ngati ndikudwala. Ndinawayankha kuti sindikudwala, mng'ono wanga wamwalira, ndipo nkhope imeneyi ikunena zoona. Mawa lake ndinapita chimodzimodzi. Mabuku sanathawe m'mashelefu.

Azakhali sindikudana nawo. Anatithandiza amayi atamwalira, ndipo ndikudziwa kuti nawonso akulira Dona m'njira yawo. Mkono ndinawagwira uja ndidzapepesa. Nsidze sindidzapepesa.

Ndipo musaganize kuti kuno kulibe malamulo. Kadona amapita kusukulu atasamba, atadzola mafuta basi. Ndamuuza kuti lipisitiki ndi ya akuluakulu, ndipo iyi tiisunge isathe msanga. Akadzakula adzasankha yekha, kaya adzatengera mayi ake kaya adzatengera ine. Ndikadzamuona akudzola chifukwa cha mantha ndidzamukhazika pansi, ndikadzamuona akusiya chifukwa cha mantha ndidzamukhazikanso pansi. Zokhazo ndiye ndikulonjeza.

Choncho yankho langa ndi ili. Loweruka azakhali akabwera apeza tiyi ndi mpando. Sutikesi saipeza. Mwanayu wataya mayi ake mwezi wathawu. Bambo ake mukudziwa kuti anachoka iye asanayambe kuyenda. Sindilola kuti atayenso bedi lake, aphunzitsi ake ndi mnzake wa nyumba yoyandikana nafe chifukwa choti anasowa mayi ake n'kupaka milomo. Akamusamutsa tsopano adzakula akudziwa kuti kukumbukira mayi ake ndi mlandu.

Ndinu malume ake, ndinu wamkulu wathu, ndipo sindinakukanirenipo chinthu chibadwire. Koma ngati mukuonabe kuti achoke, musatume azakhali ndipo musatumize mawu pafoni. Dikirani mpaka tsiku limene mudzathe kubwera, mudzakhale pamphepete pa bedi lake, mudzamuuze nokha chimene analakwa. Ine ndidzakhala pomwepo, koma zovala zake sindidzapinda.

Ndikupempha chimodzi. Muimbireni Lamulungu likudzali, muyatse kamera. Musamufunse za lipisitiki. Mufunseni za dzino lake lakutsogolo limene likugwedera, ndipo mumuuze nkhani za mayi ake ali mwana, zimene inu nokha mukuzidziwa. Zimene ndimamuuza ine watopa nazo.

Dzulo ndinapita kusukulu kwake kukamulembetsa teremu ya mawa. Mlembi wa pasukulupo anandipatsa fomu, ndipo pamzere wa kholo panali pakadali dzina la Dona. Anandifunsa kuti alembepo ndani. Ndinamubwereka cholembera n'kulembapo ndekha dzina langa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti juzi anatumiza lija lamukwana mwana. Ana onse muwapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni kumeneko, akupatseni tulo ndi mtima wofewa powerenga kalatayi.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Mayi a Kadona