Burashi ya ku Naxos

Amayi anga, kodi muli bwanji kumeneko?

Ine kuno ku Nairobi ndili bwino, ndanenepa moti kondakitala wa matatu, maminibasi akuno, amafuna kundilipiritsa mipando iwiri. Kumudzi mkazi wa mlongo wanga Yohane wachira, ndi mwana wamkazi. Amutcha dzina lanu, ndipo akuti kulongolola watengera inuyo. Mtedza m'munda mwanu unabereka, koma nkhokwe ija yagwa.

Nkhani yaikulu nayi. Mwana wanu uja munkati sukulu inamuthawa ali Sitandade 5, wakwera ndege mpaka ku Girisi. Adona amene ndimawalerera ana ku Kilimani kuno ndi Mgiriki, ndiye pa holide ya Ogasiti anandinyamula kwawo. Dziko lake ndi zilumba zokhazokha, zochuluka kuposa nsabwe za m'bulangete la Yohane ali mwana. Tinayamba ndi Santorini, kumene nyumba zinakangamira phiri ngati nkhupakupa pa khutu la galu, azungu n'kumaombera m'manja dzuwa likamalowa. Kenako Naxos, kwawo kwenikweni kwa adona. Munkati madzi alibe nthambi, koma ine sitima ndinaikwera chilili, osasanza. Chabwino, kamodzi. Mwina katatu.

Tsono ndikuuzeni chimene chikundidya. Sabata lomwelo la ulendowo ndi limene amalume anaika loti timange chiliza chanu. Ndikanakana ulendowo, adona akanapeza wolera wina, ntchito n'kutha. Ndinasankha ndege. Simenti ndinatumiza, koma nkhope yanga sinaoneke, ndipo achemwali Esinati mpaka lero sanayankhe makalata anga atatu.

Ku Naxos nyumba zonse n'zoyera mbee, zitseko zabuluu. M'mawa wina ndinapeza amayi a adona, okalamba, ovala zakuda, akupaka laimu masitepe msana ukuwakana. Ndinawalanda burashi. Paja munkandikoka khutu pozira m'nyumba, kuti "wozira amayambira kukona, ukayambira pakhomo udzatulukira padenga?" Ndinachita momwemo, chammbuyo, mzere woongoka ngati wa rula. Mudzi wonse unabwera kudzaona. Ndikati wonse, anali anthu anayi ndi bulu.

Amayiwo sadziwa Chingerezi, ine Chigiriki ndimalekeza pa moni. Anangondigwira dzanja mpaka kuseri kwa tchalitchi, pa manda a amuna awo, n'kundiloza khoma lake. Ndinapaka, iwo akuthira mafuta m'kanyali ka pamandapo. Pamenepo ndinalira, Amayi. Kuyeretsa manda a eni, tsiku limene anu akumangidwa ine palibe. Iwo anayesa ndikulirira amuna awo, n'kundidzazira nkhuyu m'chitenje. Ndinadya ndikulira, zinali zokoma.

Zikomo, Amayi. Satifiketi simunandisiyire, koma manja munawaphunzitsa, ndipo andifikitsa kumene ahedimasitala athu aja anangokuona pa mapu. Zikomo ngakhale pa khutu lija, mpaka pano n'lalitaliko kuposa linzake.

Burashiyo anandipatsa pobwera, ili m'sutikesi, ana a adona sindiwalola kuigwira. Mvula ikangotha ndikwera basi kudzera ku Mbeya. Ndidzayamba ndagwada kwa achemwali, andikalipire mpaka atope. Kenako chiliza chanu ndidzachipaka mbee, m'mbali buluu, moti oyandikana nanu kumeneko adzachita nsanje. Ndipo musadandaule, ndidzayambira kukona.

Ndine mwana wanu wokukondani, woyamba kuoloka nyanja m'banja lonse,
Falesi